Pepala la malipiro lizichokera pomwe akapitawo amachonga

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yaing'ono ya zomangamanga muno mu Chipata, ndipo gawo langa ndi mapepala. Sindimanga, sindiyeza, sindigula simenti. Changa n'chakuti pofika Lachisanu masana pepala la malipiro likhale pa desiki ya amayi osunga ndalama, lili lolondola, kuti amisiri ndi anyamata osakaniza simenti alandire zawo asanaweruke. Munthu amene wakhala sabata yathunthu akunyamula mabuloko padzuwa la Okutobala safuna kumva zoti kompyuta yavuta. Akufuna ndalama yake akagule ufa ndi ndiwo, ndipo salakwa.

Kuyambira 2022, pamene ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, makampani ang'onoang'ono ngati yathu anayamba kupeza ntchito zochulukirapo, koma zing'onozing'ono komanso zomwazikana. Kuno buloko ya makalasi atatu cha ku Chadiza, uko nyumba yodikirira amayi oyembekezera ku Kasenengwa, kwina zimbudzi za pamsika ku Chipangali, kwinanso nyumba ya aphunzitsi ku Vubwi. Malo onsewa sangayendedwe tsiku limodzi, makamaka mvula ikagwa misewu ya fumbi n'kusanduka matope. Ndiye abwana analamula kuti ntchito zonse zizilembedwa mu Asana, pulogalamu ya pa intaneti yolembamo ndi kutsatira ntchito. Malo alionse ali ndi project yake, ndipo gawo lililonse la chimango lili ndi mzere wake: kukumba maziko, kuthira silabu, khoma kufika pa windo, ring beam, denga, pulasitala, penti. Akapitawo akamaliza gawo amajambula chithunzi ndi foni n'kuchonga. Injiniya wathu akapita kukaona n'kukhutira, amaikapo tag yakuti Yavomerezedwa. Mbali imeneyi inagwira msanga, chifukwa akapitawo athu foni amaidziwa, ndipo kuchonga n'kopepuka kuposa kulemba lipoti ndi manja ali simenti yokhayokha.

Koma ndalama sizituluka ndi kuchonga kwa pa foni. Zimatuluka ndi pepala la Excel losindikizidwa, losainidwa, lodindidwa, lomwe limalowa mu faelo kuti tsiku lina owerengera ndalama za boma akadzafunsa tidzakhale ndi chowaonetsa. Pakati pa foni ya akapitawo ndi pepala limeneli panali ine, kukopera mzere umodziumodzi Lachinayi lililonse madzulo. Kutopa kwake ndikanapirira. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti kukopera kotere kumasiya mpata woti pepala linene china, Asana inenenso china, ndipo zikasiyana wa mu ofesi samva kuwawa. Amamva kuwawa ndi mmisiri wa ku Vubwi amene gawo lake ladumphidwa: ayenera kudikira sabata ina, apo ayi akwere njinga yamoto ndi ndalama yake kubwera ku tauni kudzadandaula. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti pepala lizibadwa kuchokera pomwe akapitawo achonga, popanda dzanja la munthu kukopera pakati.

Chida chogwirira ntchito za pa kompyuta tinali nacho kale. Power Automate Desktop imabwera ili m'kati mwa Windows 11, ndipo a Windows 10 akhala akuitenga kwaulere kuyambira Marichi 2021. Mizu yake ili ku kampani ya Softomotive, yomwe inkapanga WinAutomation mpaka Microsoft inaigula mu 2020. Kagwiritsidwe kake n'kondandalika masitepe: tsegula Excel, werenga apa, lemba apo, sunga faelo, tumiza ku printa. Mndandanda wa masitepewo umatchedwa flow. Sipafunika katswiri wolemba mapulogalamu. Mumakoka sitepe kuchokera kumanzere n'kuiponya pakati, kenako n'kudzaza timabokosi take.

Ambiri amayamba ndi kuiphunzitsa kudina ngati munthu. Muli recorder mmenemo: mumatsegula browser, kulowa mu Asana, kudina project, kukopera, ndipo iyo imaloweza zonsezo n'kumazibwereza. Pa intaneti yothamanga zimaoneka bwino zedi. Kwathu kuno, pa nkhani ya ndalama za anthu, njirayi ine sindiikhulupirira. Netiweki ikafooka tsamba limatseguka theka, flow n'kukopera mizere imene yaoneka, kusiya imene inali isanafike. Tsiku lina tsamba lifunsa password mwadzidzidzi, tsiku lina batani lasunthidwa, ndipo makina sakulipezanso. Ikaima pakati bola, chifukwa mumaona kuti yaima. Choopsa ndi tsiku limene yamaliza bwinobwino n'kukupatsani pepala looneka lathunthu koma likusowa mizere itatu.

Apa mpamene ODBC inalowera. Ndi chinthu chakale, cha mu 1992, chimene Microsoft inakonza mothandizana ndi Simba Technologies pofuna kuthetsa vuto limodzi: database iliyonse, yomwe ndi nkhokwe yosungiramo zolembedwa pa kompyuta, inali ndi kalankhulidwe kake, moti pulogalamu yofuna kuwerenga mitundu itatu inayenera kulembedwa katatu. ODBC inaika khomo limodzi. Pulogalamu imafunsa m'chilankhulo cha SQL, chomwe chinabadwira ku IBM m'zaka za m'ma 1970, ndipo pakati pamakhala kapulogalamu kotchedwa driver, kodziwa kukambirana ndi database ya mtundu umodziwo. SQL Server ili ndi driver wake, MySQL wake, PostgreSQL wake. Ukale wakewo ndiwo umatithandiza ife: Excel imalidziwa khomo limeneli, Access imalidziwa, Power BI imalidziwa, ndipo Power Automate Desktop nayo ili ndi masitepe atatu odutsira pomwepo, lotsegula, lofunsa ndi lotseka.

Tsono Asana si database imene mungaigwire. Zinthu zake zili pa makompyuta a eni ake kutsidya la nyanja, ndipo khomo limene anasiyira mapulogalamu ena ndi API, yomwe imayankha m'kalembedwe ka JSON, zolemba zopiringizana zimene munthu wozolowera matebulo a Excel amaziona ngati nkhalango. Pali makampani, monga CData, amene amagulitsa driver wa ODBC wosandutsa API imeneyi kuti izioneka ngati matebulo wamba: la Projects, la Tasks, la Users. Ma driver a mapulogalamu ena ofanana ndi Asana, monga Jira, Trello ndi Smartsheet, aliponso. Chofunika kuchimvetsa, ndipo ambiri chimawadutsa, n'chakuti matebulowo sali pa kompyuta yanu. Pokhapokha mutamuuza kuti azisunga kope, driver amakatenga yankho pa intaneti nthawi iliyonse imene mwafunsa. Ali ngati wa njinga amene mumam'tuma ku msika wa Kapata ndi kapepala. Mukalemba kuti tomato wa K20 ndi kabichi mmodzi, apita kamodzi n'kubwerako msanga. Mukanena kuti bweretsani zonse za pamsika ndidzasankhire kunyumba, ayenda maulendo osawerengeka, dzuwa lilowa, ndipo ulendo uliwonse mulipira.

Ku Asana katundu wa ulendo umodzi sapitirira mizere 100. Kampani yokhala ndi mizere yambirimbiri, kuphatikizapo ya ntchito zimene zinatha kale chaka chatha, imafuna maulendo ochuluka, uliwonse ukudya bandulo ndi nthawi. Palinso malire a mafunso amene mungafunse pa mphindi imodzi. Mukapyola, API imabweza nambala 429, kutanthauza kuti mwafunsa mopitirira, yambani mwadikira. N'chifukwa chake kwa ife mawu akuti WHERE mu SQL, amene amasefa mizere imene mukufuna yokha, ndi nkhani ya ndalama. Komanso si sefa iliyonse imene driver amatha kuitumiza ku Asana. Ina, monga nambala ya project, API imaimva ndipo imasefera komweko. Ina siimva, ndiye driver amakoka zonse n'kudzasefera pa kompyuta yanu. Yankho limatuluka lofanana, kungoti lina latenga masekondi ochepa pamene lina latenga nthawi yoti mungaphike tiyi n'kumwa. Buku la driver limatchula sefa zimene zimapita kwa eni ake, ndipo tsamba limenelo ndi loyenera kuliwerenga musanalembe funso loyamba.

Kuika driver pa kompyuta sikuvuta. Pambuyo pake mumapanga DSN, lomwe ndi dzina losungiramo zonse zofunika polumikiza, kuti mu flow muzingotchula dzinalo. Lathu tinalitcha Ntchito. Apa ndi pamene anthu amataya masana athunthu, ndiye ndifotokoze mwatsatanetsatane. Mu Windows ya 64-bit muli mapulogalamu awiri opangira DSN, onse ndi dzina limodzi la odbcad32.exe. Ya 64-bit ili mu foda ya System32, ya 32-bit ili mu foda ya SysWOW64. Sindinasinthanitse ayi, zili choncho ndithu. Power Automate Desktop imafuna driver wa 64-bit, koma laputopu yathu, monga ena amene ndawaona m'maofesi a anzathu, ili ndi Office ya 32-bit. Zikatero Excel imatha kuliona DSN bwinobwino pamene flow ikukana n'kulemba kuti “The specified DSN contains an architecture mismatch between the Driver and Application”, kapena kuti “Data source name not found and no default driver specified”, dzinalo inu mukuliona ndi maso anu. Mukaona umodzi mwa mauthenga awiriwa musathamangire kukayikira password kapena netiweki. Pitani pa Start, lembani ODBC, sankhani pomwe palembedwa 64-bit, muone ngati dzina lanu lilimo ndi driver wa 64-bit. Ngati mulibe, lipangeni mmenemo.

Windo lomwelo lili ndi mbali ziwiri zofunika, User DSN ndi System DSN. Yoyamba imaoneka kwa akaunti imodzi yokha ya Windows, yachiwiri kwa aliyense wolowa pa kompyutayo. Ife tinasankha yoyamba, ndipo chifukwa chake ndi token. Kuti driver alowe mu Asana timam'patsa personal access token, mzere wautali wa zilembo ndi manambala umene umaima m'malo mwa dzina ndi password. Token imanyamula mphamvu zonse za amene anaipanga. Ikakhala ya abwana, aliyense woipeza aona zonse zimene abwana amaona, mitengo ya matenda imene sitinatumize yomwe. Choncho tinatsegula akaunti yapadera, yoikidwa m'ma project okhawo amene akumangidwa panopa, ndipo token inachokera kumeneko. Laputopu ya mu ofesi imagwiridwa ndi manja ambiri. Ophunzira obwera kudzazolowera ntchito amalembapo makalata, oyendetsa galimoto amasindikizapo mapepala awo. Iwo ali ndi akaunti yawo, ndipo DSN sailiona.

Flow yeniyeniyo ndi yaifupi kuposa mmene mungaganizire. Imayamba ndi kutsegula faelo ya Excel momwe ndinandandalika malo amene tikumanga, alionse ndi nambala yake ya project. Kenako sitepe ya Open SQL connection: mu windo limene limatuluka mumasankha Microsoft OLE DB Provider for ODBC Drivers, n'kuloza dzina la DSN. Ikatero imalowa mu For each, kuzungulira malo amodziamodzi, ndipo pa alionse Execute SQL statement imafunsa funso ili:

SELECT Id, Name, CompletedAt FROM Tasks WHERE ProjectId = '%Malo%' AND Completed = true

Mitu ya matebulo imasiyana malinga ndi driver, iyi ndi ya wathu. Chimene chili pakati pa zizindikiro za peresenti ndi bokosi la Power Automate Desktop, limene pa kuzungulira kulikonse limadzazidwa ndi nambala ya malo otsatira. Yankho limabwera ngati tebulo, mu bokosi lina lotchedwa QueryResult. Funso lachiwiri limatenga mizere yokhala ndi tag ya injiniya, ndipo imene yapezeka m'mayankho onse awiri ndiyo imapitirira. Mtengo wa gawo lililonse ndi gulu la amisiri olilandira zili mu Excel ya mu ofesi, flow imangozilumikiza, n'kulemba pepala ndi Write to Excel worksheet, n'kutseka ndi Close SQL connection.

Pali timabokosi tiwiri timene sindingalole munthu atisiye mmene tabwerera. Koyamba ndi ka Timeout pa Execute SQL statement, komwe kamabwera kali pa masekondi 30. Pa database ya mu ofesi momwemo ndi nthawi yokwanira, koma kwa driver wodutsa pa intaneti ya rauta ya SIM khadi mitambo itakuta mapiri a Kanjala, n'njochepa, ndipo tinaikweza. Kachiwiri ndi ka On error. Pamenepo mungauze sitepe kuti ikalephera iyesenso, kapena idumphe n'kupitirira. Kuyesanso timalola. Kudumpha ayi. Malo amodzi akakana kuyankha, flow yonse imaima, imaonetsa uthenga wotchula malowo, ndipo palibe pepala limene limatuluka. Pepala losatuluka limandikakamiza kuchitapo kanthu nthawi ikadalipo, pamene pepala losowa malo amodzi likanadutsa pa desiki ya amayi n'kusainidwa.

Za nthawi nazo n'zofunika maso. Asana imasunga nthawi mu UTC, nthawi imodzi yoyendera dziko lonse lapansi, ndipo ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri. Akapitawo ena amachonga usiku kwambiri, netiweki ikapepuka kumudzi. Wochonga 1 koloko usiku wolowa Lachinayi, mwa UTC amaoneka kuti wachonga Lachitatu nthawi ya 23:00. Driver wina amatembenuza nthawiyo kuti igwirizane ndi wotchi ya kompyuta, wina amaisiya momwemo, ndiye muyese ndi mzere umodzi umene mukudziwa nthawi imene unachongedwa. Koma nditaganizira bwino ndinaona kuti tsiku lisakhale konse maziko a malipiro. Kufunsa kuti ndi ziti zatha sabata ino kuli ndi mabowo awiri. Gawo lochongedwa Lachitatu koma lovomerezedwa ndi injiniya sabata yotsatira likhoza kugwera pakati osalipidwa. Ndipo akapitawo akachotsa chongi mwangozi n'kuchonganso, tsiku limasintha, gawo lolipidwa kale n'kuonekanso ngati latsopano.

Funso labwino ndi lakuti: ndi ziti zatha, zavomerezedwa, koma sizinalipidwe? Poliyankha timadalira Id, nambala yaitali imene Asana imapatsa mzere uliwonse pobadwa. Dzina la mzere munthu akhoza kulisintha, lero Denga mawa Kukhoma malata, koma nambalayo siisintha. Tili ndi faelo imodzi ya Excel yotchedwa Zolipidwa, momwe muli Id ya gawo lililonse limene ndalama yake inatuluka, tsiku lake ndi nambala ya vocha. Flow imayang'ana mmenemo isanalembe mzere uliwonse pa pepala. Ikaipeza Id, imausiya. Danga la Id tinaliika kukhala la Text, chifukwa Excel imasunga manambala 15 okha molondola ndipo otsatira imawasandutsa ziro, pamene ma Id athu ali ndi manambala 16. Kanthu kakang'ono kameneka kakhoza kuchititsa magawo awiri osiyana kuoneka ngati limodzi. Ndipo Id imalowa mu Zolipidwa pokhapokha amayi atasaina, kudzera mu flow yachiwiri yaing'ono imene amadina okha. Faelo imeneyi ndiyo ndimaisamala kuposa china chilichonse mu ofesi. Kope lake limapita pa flash ndi pa intaneti Lachisanu lililonse.

Driver amathanso kulemba. UPDATE, INSERT ndi DELETE, zomwe ndi kusintha, kuwonjezera ndi kufufuta, zimagwira, ndipo zimasintha zinthu mu Asana momwemo, pa mafoni a onse. Abwana atamva zimenezi anakondwa.

“Mphwanga, ngati chikutha kuwerenga, chilekeranji kulemba? Ndalama ikatuluka chizikalemba chokha kuti Yalipidwa, akapitawo asamandiimbire foni Loweruka.”

“Abwana, chikhoza kutero. Koma tsiku limene bokosi la Id lidzalakwike, kapena WHERE adzafufutike pokonza flow, chidzalemba pa mizere ina kapena yonse, ndipo mu SQL yotere mulibe batani lobwezera.”

Amayi osunga ndalama, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti, “Mwana wanga, chiziwerenga basi. Cholemba ndine.”

Zinathera pomwepo, ndipo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mu DSN muli posankha pakuti Readonly, kutanthauza kuwerenga kokha, tinapayatsa. Asana ndi buku la akapitawo ndi injiniya; chimene chalembedwamo chizikhala ndi dzina la munthu amene anaona khoma ndi maso ake. Makina akayamba kulembamo, tsiku la mkangano sipadzakhala wom'funsa. Zoti ndalama yatuluka amayi amalengeza okha pa gulu la WhatsApp, ndipo abwana Loweruka lawo linapepukabe.

Chinanso chimene tinasankha kusachiika mu Asana ndi manambala a NRC ndi a foni zolandirira ndalama za amisiri. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo ngakhale likanapanda kukhalapo, mmisiri amene watipatsa nambala yake kuti tim'lipire sanatipatse kuti izioneka pa foni ya kapitawo aliyense wa ku malo ena. Mu Asana muli dzina la gulu lokha. Zina zonse zili mu faelo yotseka ndi password pa laputopu ya amayi, ndipo zimakumana ndi mizere ya ntchito pa mphindi yosindikiza pepala yokha.

Tsopano za mtengo, chifukwa ndikudziwa kuti anzanga a makampani ang'onoang'ono ndi pomwe akudikira. Driver wa mtundu umenewu si waulere. Wathu timalipira chaka ndi chaka, ndi madola, kotero kwacha ikagwa mtengo wake umakwera wokha. Amalola kumuyesa masiku 30, ndipo malangizo anga ndi akuti muyambe kuyesako mutakonzeratu mafunso anu, kuti masiku amenewo akumane ndi masiku enieni a malipiro. Ngati muli ndi malo amodzi kapena awiri, musam'gule. Asana imatulutsa project mu faelo ya CSV, ndipo Power Automate Desktop imawerenga CSV popanda vuto. Kudina kuwiri pa sabata sikupweteka munthu. Ngati muli ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa za mapulogalamu, sitepe ya Invoke web service imafunsa API mwachindunji, ndipo Convert JSON to custom object imamasula yankho, kwaulere. Kungoti zonse zimene driver amachita mwakachetechete, kutsata masamba a mizere 100, kudikira pakabwera 429, muyenera kuzilemba nokha, ndipo wozilembayo akapeza ntchito ku Lusaka flow imatsala yamasiye. Ife tinalipira chifukwa cha chimenechi. Funso la SQL la mzere umodzi amayi amatha kuliwerenga n'kumva chimene likufunsa, ndipo wodzalowa m'malo mwanga adzalimvanso.

Amene ntchito zawo zili mu pulogalamu yoikidwa pa seva yawoyawo, nkhani yawo njopepuka. Mwa mapulogalamu otere, OpenProject imakhala pa PostgreSQL, Redmine imatha kukhala pa MySQL, ndipo ma driver a zimenezi, psqlODBC ndi MySQL Connector/ODBC, ndi aulere. Kumeneko mukuwerenga database yeniyeni, mopanda malire a mizere 100. Chenjezo n'lakuti mukalowera khomo limenelo mwalambalala malamulo onse a pulogalamuyo onena kuti uyu aone ichi, uyo asaone, ndiye pangani wolowa wapadera wololedwa SELECT yokha, yomwe ndi kuwerenga, pa matebulo ofunika okha.

Power Automate Desktop yaulere imafuna munthu adine Run; kuti flow iziyamba yokha pa nthawi yoikika kompyuta ili yokha, pamafunika laisensi yolipira. Ena amaona ngati chilema, koma kwa ife zinagwirizana ndi moyo. Chilala cha 2024, chimene pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo tonse tikukumbukira maola ambirimbiri opanda malaiti amene anatsatira. Flow yoikidwa kuti iziyamba 4 koloko ikanapeza rauta itazima masabata ambiri. Ine ndimadina pamene ndaona kuti batire ya laputopu yadzaza, rauta yayaka, ndipo injiniya wabwerako ku ulendo wake. Nthawi zina ndi Lachinayi madzulo, nthawi zina Lachisanu mbandakucha.

Chatsala ndi vuto limene driver sangaliyankhe. Malo akabweza tebulo lopanda kanthu, kwa makina palibe cholakwika: afunsa, ayankhidwa, mulibe mzere. Koma tebulo lopanda kanthu likhoza kutanthauza kuti sabata ino palibe gawo latha, kapena kuti foni ya akapitawo yagwera m'madzi, kapena bandulo yawathera, kapena simenti sinafike ndipo anthu akungokhala pansi pa mtengo. Ndiye ndinawonjezera funso limodzi kumapeto kwa flow, lofuna tsiku limene chinthu chilichonse chinakhudzidwa komaliza pa malo alionse, ndipo limalembedwa m'munsi mwa pepala. Malo amene akhala chete kuyambira Lolemba amatuluka ndi utoto wofiira, ndipo amenewo ndimawaimbira foni pepala lisanapite kwa amayi.

Sabata yapitayi wofiira unali wa ku Chadiza. Ndinaimba.

“Atate, kwagwanji kumeneko? Asana ili zii chiyambire Lolemba.”

“Aa, achimwene a ku ofesi, ring beam tinathira Lachiwiri ndipo injiniya anaiona. Foni yanga yaikulu ili kwa okonza, ndili ndi kakang'ono aka kamabatani.”

Ndinaimbira injiniya, anavomera kuti anaionadi ndipo zithunzi ali nazo. Anachonga yekha m'malo mwa akapitawo, n'kulemba pansi pake chifukwa chake, n'kuika tag. Ndinadinanso Run, mzere wa ring beam unatuluka ndi amisiri ake, ndipo amayi anasaina isanakwane 12 koloko.